Ndege ndi Yeniyeni, Nanga Kwathu Kuli Kuti?

Pa tchuthi chapitachi ndinayendetsa ndege koyamba m'moyo wanga, ngakhale kuti mapazi anga sanachoke pansi. Ndinali pa boma la Mangochi, m'kachipinda momwe msuweni wanga amakonzeramo mafoni, ndipo ndegeyo inali pa laputopu yakale imene mkulu wake anamutumizira kuchokera ku Joni. "Khala apa msuweni, lero ndiwe wothandizira kaputeni," iye anatero uku akundikokera kampando. Ine ndinkayesa ndi masewera ngati a magalimoto aja, oti ukangodina batani limodzi basi wauyamba ulendo. Koma panadutsa mphindi zoposa 20 tisanasunthe n'komwe. Anayatsa batire, kenaka kainjini kakang'ono kokhala kumchira kwa ndege, n'kudikira kuti zipangizo zolondolera njira zidziwe pamene ndegeyo yaima. Analemba njira yathu, kulemera kwa katundu ndi kuchuluka kwa mafuta. Ine anandipatsa pepala loti ndiziwerenga mokweza mzere umodziumodzi, iye n'kumayankha akatsimikiza kuti chinthucho chili m'malo mwake.

Tinanyamuka pa Chileka ngati tikupita ku Lilongwe, koma tinagwirizana zokhotera kunyanja kuti tikaone kwathu tili m'mwamba. M'kati mwa ndegemo zonse zinali mwa dongosolo lake, siwichi iliyonse ikugwira ntchito imene imagwira pa ndege yeniyeni. Koma nditasuzumira pawindo ndinagwa ulesi. Madzi analipo ndithu, nawonso mapiri ankaoneka, koma malambe ndi migwalangwa ya kwathu kunalibe. Nyumba zimene zinali m'mbali mwa Shire zinali za dziko lina, ndipo pagombe panalibe ngakhale bwato limodzi kapena thandala loyanikapo usipa. Ndegeyo inali yeniyeni, koma dziko limene inkadutsamo silinali lathu.

M'nkhani ino ndikufuna kunena mfundo imodzi. Mapulogalamu oyendetsera ndege pa kompyuta, makamaka ndege zoonjezera zimene zimatsanzira ndege zenizeni mwatsatanetsatane, si zidole zoti tizizinyoza. Ndi khomo lolowera m'nzeru zimene Amalawi ambiri takhala tikungozionera patali. Koma khomoli silidzatithandiza mokwanira ngati sitiikamo malo athu, mbiri yathu ndi zilankhulo zathu, ndipo ntchito imeneyo palibe wina adzatigwirire.

Poyamba ndifotokoze chimene chinthuchi chili, poti ambiri mwa ife sitinachionepo. Pulogalamu yotchuka kwambiri ndi Microsoft Flight Simulator, imene inayamba kutuluka mu 1982 ndipo yakhala ikukonzedwanso, monga mu 2006, mu 2020 ndi mu 2024. Palinso X-Plane ya kampani ya Laminar Research, komanso FlightGear imene ndi yaulere chifukwa amailemba ndi anthu ongodzipereka. Pulogalamu iliyonse imabwera ndi ndege zake, koma zambiri mwa izo zimakhala zophweketsedwa kuti aliyense athe kuulutsa. N'chifukwa chake pali magulu ena amene amapanga ndege zapadera zoti munthu aonjezere mu pulogalamuyo. Kampani ya PMDG imadziwika ndi ndege za Boeing 737, Fenix ndi Airbus A320, pamene Majestic Software inapanga Q400 ya mapulogalamu akale. Opanga ndegezi amatsata mabuku a ndege yeniyeni, kayendedwe ka magetsi, mafuta ndi mpweya, ngakhalenso kulira kwa injini. Ukalumpha sitepe imodzi poyatsa, injini siliza. Ukalemetsa katundu tsiku lotentha, ndege imachedwa kudzuka, monga zimachitikira pa bwalo lenileni.

Ndege zimenezi si zachilendo kwa ife. Boeing 737 ndi Q400 ndi mitundu imene kampani ya Malawi Airlines yakhala ikuulutsa chiyambire maulendo ake mu 2014, itakhazikitsidwa ndi boma lathu mogwirizana ndi Ethiopian Airlines kutsatira kutha kwa Air Malawi mu 2013. Kotero mnyamata wokonza mafoni pa Mangochi akhoza kudziwa tanthauzo la batani lililonse la m'chipinda cha oyendetsa ndege imene imatera pa Chileka, ngakhale sanagulepo tikiti. Kale nzeru zotere zinkapezeka m'mabuku otsekeredwa m'maofesi a kampani basi.

Chifukwa chiyani nkhaniyi ikundikhudza ine mwana wa kunyanja? N'chifukwa choti dera lathu linaidziwa ndege kalekale, koma nthawi zonse tinali oonerera kapena onyamulidwa. Mu 1949 ndi 1950 ndege zotera pamadzi za kampani ya BOAC, za mtundu wa Short Solent, zinkaima pa Cape Maclear paulendo wochokera ku Southampton kupita ku Johannesburg. Anthu a ku Chembe ankaziona zikutera pafupi ndi mabwato awo, koma okweramo anali ena. Pambuyo pake panabwera ndege za Wenela zimene zinkanyamula azibambo kupita nawo kumigodi ya ku South Africa kudzera ku Francistown m'dziko la Botswana. Pa 4 Epulo 1974 imodzi mwa ndegezi, ya mtundu wa DC-4, inagwa itangonyamuka pa Francistown, n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kumudzi, ndipo Dr Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu a kumigodi. Agogo anga aamuna anakwerako ndege za Wenela ngoziyi isanachitike. Mpaka lero akamasimba amati anangowakhazika pansi n'kuwamanga lamba, osauzidwa kanthu. Masiku ano tindege ting'onoting'ono timatera pa kabwalo ka ku Makokola titanyamula alendo odzaona nyanja, ndipo ana amathamangira kumpanda kukaonerera monga ankachitira agogo awo. Boma lakhala likunena za bwalo lalikulu la ndege ku Mangochi. Likadzamangidwa, kodi ana a kuno adzakhala m'nsanja yowongolera ndege ndi m'chipinda cha oyendetsa, kapena adzangokhala onyamula zikwama?

Alipo amene anganene kuti ndikutaya nthawi. M'boma limene asodzi akudandaula kuti chambo chinasowa, ndipo ana ambiri amasiyira sukulu panjira n'kulowera ku Joni, munthu ungamakambe za ndege za pa kompyuta? Dandauloli ndi lomveka, ndipo mtengo wake wa zinthuzi umalichitira umboni. Ndege imodzi yoonjezera yapamwamba imatha kufika madola 70 a ku America. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama imeneyi inkapitirira K120,000 pa mtengo wa kubanki wa mu 2024. Pamwamba apo pamafunika kugula pulogalamu yeniyeniyo, kompyuta yamphamvu ndi intaneti yosadukaduka. Pulogalamu ya 2020 inkafuna malo oposa magigabaiti 100, ndipo yatsopano ya 2024 imakoka mbali yaikulu ya dziko lake pa intaneti munthu ali m'kati mouluka. Amene amagula bandulo ya tsiku limodzi akudziwa tanthauzo la zimenezi.

Komabe mtengo si mapeto a nkhani. FlightGear salipiritsa ndipo imayenda ngakhale pa makompyuta ena akale. Gulu la FlyByWire linapanga Airbus yaulere yotchedwa A32NX, ndipo pa X-Plane pali Boeing 737 yaulere yodziwika ndi dzina loti Zibo. Kompyuta imodzi yokha ya pa sukulu ya sekondale kapena pa malo a achinyamata ingakwanire kalabu ya ophunzira khumi, wina akuyendetsa, wina akuwerenga ndondomeko, wina akuchita ngati ali m'nsanja, ena akuwerengera mafuta ndi nthawi. Phindu lake silidikira kuti wina adzakhale woyendetsa ndege. Msuweni wanga analephera masamu pa mayeso a Fomu 4, koma ndinamuona akuwerengera pamtima mtunda woyambira kutsika, akuchulukitsa katatu kutalika kumene tinali. Anandifotokozera kuti mpweya wotentha umakhala wopepuka, moti m'mwezi wa Okutobala ndege imafuna msewu wautali kuti idzuke, makamaka pa bwalo la Kamuzu limene lili pa mtunda wa mamita pafupifupi 1,230 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere, poyerekeza ndi Chileka amene ali pa mamita pafupifupi 780. Imeneyi ndi sayansi ndi jogalafe yomwe ankaithawa m'kalasi. Waiphunzira yekha chifukwa yamufikira kudzera pa chinthu chimene amachikonda.

Ena anganene kuti kompyuta sipanga munthu kukhala woyendetsa ndege. Apa ndikuvomereza kwathunthu, ndipo ndikufuna anzanga okonda zimenezi amve bwino. Maola amene munthu wakhala pa laputopu kunyumba sawerengedwa pofuna chiphaso. Pa mpando wa m'nyumba thupi silimva kugwedezeka kwa mphepo, mtima sugunda, ndipo ukaigwetsa ndege umangoyambiranso. Alangizi a zouluka amadandaulanso kuti ozolowera kompyuta amakonda kuyang'anitsitsa zipangizo m'malo moyang'ana kunja. Msodzi aliyense wa ku Malembo kapena ku Makanjira angakuuzeni kuti mwera sauphunzirira pamtunda. Koma msodzi yemweyo anayamba ali mwana kupalasa kabwato m'madzi osaya, ndipo palibe anamuuza kuti akutaya nthawi. Yolanda Kaunda atakhala mayi woyamba wa ku Malawi kufika pa udindo wa kaputeni mu 2016, atsikana ambiri anaona kuti n'zotheka. Chimene chimasowa kumudzi ndi poyambira, pamene mwana angayesere kuti aone ngati mtima wake uli pomwepo, makolo asanagulitse ng'ombe. Ndiponso ntchito za ndege si kuyendetsa kokha. Pali amakaniko, owongolera ndege ali pansi, oona zanyengo ndi okonza maulendo. Sukulu ya African Drone and Data Academy imene inatsegulidwa mu 2020 ku Lilongwe inaonetsa kale kuti achinyamata athu amazigwira msanga nzeru za zouluka akapatsidwa mpata.

Tsopano ndifike pa mbali imene ikutikhudza ife ophunzira zilankhulo. Chinthu chimene chinandidabwitsa kwambiri m'kachipinda kaja si zithunzi ayi, koma mawu. Oyendetsa ndege ali ndi kalankhulidwe kawokawo, kochita kukonzedwa kuti pasakhale mawu a matanthauzo awiri. Zilembo amazitchula ndi mayina monga Alfa, Bravo ndi Charlie, kotero chizindikiro cha ndege za ku Malawi, 7Q, chimamveka kuti Seven Quebec. Nambala 9 amaitchula niner, 5 amati fife, ndipo 3 amati tree, pofuna kuti zisasokonekere pa wailesi yokhala ndi phokoso. Wolandira lamulo amalibwereza kuti wolamulayo amve ngati lamvedwa bwino. Zimenezi sanazikonze mwa masewera. Pa 27 Malichi 1977 ndege ziwiri za Boeing 747 zinawombana mu nkhungu pa bwalo la pa chilumba cha Tenerife, anthu 583 n'kufa, ndipo kusamvana pa wailesi kunali chimodzi mwa zifukwa zake. Kuchokera pamenepo mawu oti take-off amasungidwira nthawi yopereka kapena kuchotsa chilolezo chonyamukira basi. Bungwe la ICAO, loona za maulendo a pandege pa dziko lonse, linakhazikitsanso magawo asanu ndi limodzi oyezera Chingerezi, ndipo woyendetsa ndege zodutsa malire ayenera kufika gawo la 4. Okonda ndege za pa kompyuta amatsata kalankhulidwe komweka pa intaneti kudzera m'gulu la VATSIM, limene linayamba mu 2001, momwe anthu enieni amakhala ngati owongolera ndege. Kwa wophunzira za kamvekedwe ka mawu ndi matanthauzo, pano pali munda wosalimidwa.

Wina afunsa kuti, ngati chilankhulo cha mumlengalenga ndi Chingerezi, Chichewa ndi Chiyao zikufunikanso pati? Sindikunena kuti kaputeni azilankhula ndi nsanja ya pa Chileka m'Chichewa. Pa wailesi pakhale Chingerezi chomwecho. Koma kulankhula pa wailesi ndi kwina, kumvetsa chimene chikuchitika ndi kwinanso. Msuweni wanga ankatchula mawu a Chingerezi a pa pepala lija mosaphonya, koma pondifotokozera chifukwa chimene phiko limanyamulira ndege anatembenukira ku Chichewa chosakaniza ndi Chiyao, akufanizira ndi thanga la bwato likagwira mphepo. Pamenepo m'pamene ndinamva. Tizigawo ta kumbuyo kwa phiko timene amatitsitsa ponyamuka ndi potera anatitcha zipsepse, ngati za nsomba. Mwina akatswiri a ku Centre for Language Studies ku Zomba, amene anatipatsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000, angasankhe mawu ena. Koma mawu otere amabadwa pamene anthu akugwiritsa ntchito chinthu, ndipo ntchito yathu ndi kupita kukawatola, kuwayesa ndi kuwalemba.

Kusowa kwa mawu otere tinakuona poyera mu 2024. Pa 10 Juni chaka chimenecho ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228 inagwa m'nkhalango ya Chikangawa, n'kupha Wachiwiri kwa Mtsogoleri wa dziko lino, Dr Saulos Chilima, pamodzi ndi anthu ena 8. Dziko lonse linakamba za ndege, m'maminibasi, m'misika ndi m'maliro momwe. Si cholinga changa kuweruza chimene chinachitika, ndipo palibe pulogalamu ya pa kompyuta ingayankhe funso limenelo. Chimene ndikunena n'chakuti malipoti a ofufuza anatuluka m'Chingerezi cha akatswiri, chokamba za kutalika kwa mitambo, kuuluka modalira maso kapena zipangizo, ndi njira zolumikizirana ndi nsanja. Ambiri mwa ife, ngakhale ophunzira a pa yunivesite, sitikanatha kumasulira ndime imodzi kwa agogo athu. Mtundu umene ulibe mawu okambira chinthu sungathe kufunsa mafunso oyenera, ndipo sungathenso kuyeza mayankho amene wapatsidwa.

Ndibwerere pawindo paja. Sindikuimba mlandu opanga mapulogalamuwa chifukwa chosaika malambe a ku Mangochi. Wamalonda amayala katundu kumene kuli ogula, n'chifukwa chake mabwalo a London ndi New York amapangidwa mwaluso mpaka mizere ya pansi, pamene mabwalo ang'onoang'ono a mu Africa amangosiyidwa mwachisawawa. Mapulogalamu atsopano amagwiritsa ntchito zithunzi zojambulidwa kuchokera m'mlengalenga, kotero gombe limaoneka bwinoko kusiyana ndi pa pulogalamu yakale imene tinali nayo, koma makina sadziwa kusiyanitsa mlambe ndi mtengo wina uliwonse. Chosangalatsa n'chakuti khomo ndi lotsekula. X-Plane ili ndi chida chaulere chotchedwa WorldEditor chimene munthu angamangire bwalo la ndege n'kulitumiza kuti, likavomerezedwa, lilowe mu pulogalamu ya aliyense pa dziko lapansi. X-Plane ndi FlightGear zimatenganso zambiri za misewu ndi malo ku mapu a OpenStreetMap, amene aliyense angathe kuwakonza. Wophunzira amene walemba bwino msewu wa ku Monkey Bay, mlatho wa Bakili Muluzi kapena chilumba cha Boadzulu pa mapuwa wathandiza oulutsa ndege za pa kompyuta, komanso wathandiza opereka chithandizo pa nthawi ya madzi osefukira.

Mbiri yathu nayonso ingalowemo. Ndege zoonjezerazi zimalola munthu kuzipenta mitundu ya kampani imene akufuna. Air Malawi inali ndi Boeing 737 yotchedwa Kwacha, ina yotchedwa Sapitwa, ndi ATR 42 yotchedwa Shire, ndipo m'zaka za m'ma 1970 inkaulutsa VC10 mpaka ku London. Mwana wobadwa mu 2010 sanazionepo ndegezi. Wojambula waluso wa kuno angathe kuzibwezeretsa mumlengalenga, ngakhale wa pa kompyuta, ndipo wina angamange Cape Maclear wa mu 1949, ndege yotera pamadzi ili pafupi ndi chilumba cha Thumbi, koma ulendo uno anthu a ku Chembe ndi mabwato awo akuonekamo.

Pali chinthu chimodzi chimene sindingachibise, ndicho kuba mapulogalamu. Tonse tikudziwa kuti zambiri za pa makompyuta athu zimayenda pa mafulashi, popanda wolipira. Umphawi umatikankhira kumeneko, koma tisadzinamize kuti palibe wolakwiridwa. Ndege imodzi yotere imatenga zaka kuti ipangidwe, nthawi zambiri ndi kagulu kochepa ka anthu. Komanso wozolowera kutola zakuba amakhala wolandira mpaka kalekale. Wogwiritsa ntchito zaulere zololedwa amalowa m'gulu la opanga, amafunsa, amakonza zolakwika, ndipo tsiku lina dzina lake limalembedwa pa zimene wapanga. Ngati tikufuna kuti bwalo la Makokola limene tamanga lidzalemekezedwe ngati ntchito yathu, tiyambe ife kulemekeza ntchito za anzathu.

Pomaliza, pempho langa likupita kwa anzanga ndi aphunzitsi athu a m'gawo lino la zilankhulo. Mutu umodzi susenza denga. Ophunzira za makompyuta ndi za mapu angamange mabwalo ndi magombe, koma kabuku kofotokoza m'Chichewa ndi m'Chiyao momwe ndege imaulukira, ndi mndandanda wa mawu ake, ndi ntchito yathu ife. Ingakhale kafukufuku wabwino wa chaka chomaliza kuposa kubwereza mitu imene anzathu analemba kale kambirimbiri. Tikafunse oyendetsa ndege ndi amakaniko amene anapuma pa ntchito kuti ankati chiyani akamacheza okhaokha. Tikafunsenso asodzi mayina a mphepo ndi mitambo, pakuti mwera ndi mpoto zimene amaziopa pamadzi ndi zomwezo zimene woyendetsa kandege amalimbana nazo potera pa Makokola.

Tsiku lomaliza la tchuthi tinawatenga agogo kuti adzaone. Anakhala chete nthawi yaitali akuyang'ana mabatani aja, kenaka anafunsa kuti, "Kodi kutsogolo kuja kunali zimenezi?" Msuweni wanga anawafotokozera chimodzichimodzi m'chilankhulo chawo, ndipo patatha zaka zoposa 50 chikwerereni ndege ya Wenela, anamva chimene chinkachitika kuseri kwa chitseko chija. Atatero analoza pawindo n'kunena kuti, "Tsono adzukulu, mudzi wathu mwausiya kuti?" Funso limenelo sitinaliyankhe, ndipo likudikira ife.